Asakuikireni fyuzi ya 30 pamene palembedwa 15

Akulu amene mwafunsa pagulu pano, Corolla yanuyo ngati wailesi yazima pamodzi ndi pochajira foni ndi fyuzi imeneyo, musade nkhawa, koma chonde chonde asakuikireni yaikulu kuposa nambala yomwe ili pa chivundikiro cha kabokosi ka mafyuzi. Ndaona wina pamwambapa akuti ikani ya 30 muiwaleko, ndangowerenga mutu wayamba kuwawa, zimenezo ine zinatsala pang'ono kundithera banja ku Manenekela, pamakhona a msewu wa ku Chipata.

Yanga ndi Corolla AE100 yakale ija, mukudziwa mawailesi a ku Japan amathera pa 90, Radio Phoenix ya ku Lusaka pa 89.5 umaimva koma zonse zapamwamba zii. Ndiye ndinapita kwa mnyamata wina wa mawaya cha ku Lumumba Road kuti andiikire ka expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira zopitirira 90. Anaika, inalira, ndinalipira. Sipanapite nthawi wailesi yathima, chaja nayonso osagwira. Kubwerera kwa iye akuti aah bosi ndi fyuzi chabe, wazula yabuluu ya 15 yopsayo waika ina, ine kutembenuza kiyi thwa! yapsanso ndikuona. Mmalo mofufuza chomwe chikuipsereza munthu uja wapisa mthumba la ovolosi watulutsa yagirini ya 30, akuti zabuluuzi masiku ano ndi zafeki, iyi ndiye yolimba siidzapsa mpaka motoka mudzagulitse. Ndipo anandilipiritsanso kachiwiri, opanda ndi manyazi omwe.

Inali Ogasiti, tikupita ku Kulamba ku Mkaika, tinanyamuka Lachisanu nditaweruka kuntchito. Mmotoka ine, amayi akunyumba, ana kumbuyo ndi apongozi anga pakati pawo atafumbata chikwama chawo. Buti yodzaza thothotho, unga, shuga, saladi, zofunda, zonse zopita kumudzi. Tadutsa Chongwe bwinobwino, Rufunsa kwayamba kuda, wailesi ikulira ana akuimba. Tafika pamakhona paja musanatsikire ku Luangwa bridge apongozi akuti kodi wina akuotcha pulasitiki? Ine ndikuti ayi amayi ndi mabuleki a mathiraki awa, pano amanunkha choncho. Sindinamalize nkuyankhula komwe utsi uwo ukutuluka pansi pa wailesi, woyera poyamba kenako wakuda, ukutulukiranso mmabowo a mphepo aja, maso kuwawa, kutsogolo osaona. Amene munadutsapo mukudziwa kuti pamenepo poimika palibe, uku phiri uku chiphedi, kumbuyo thiraki ikutsika ndi magetsi onse ili pa hutala. Ndinangoikankhira mmbali matayala awiri ali mmiyala, kuzimitsa injini, utsi osasiya. Ana kulira, apongozi ayamba pemphero mokweza chitseko chakumbuyo chili pa child lock sichikutseguka, amayi akunyumba atuluka opanda nsapato kukawatsegulira kunja. Ine ndathamangira ku boneti kuti ndichotse batire, sipanala ya 10 ili kuti? Ili mu buti pansi pa thumba la unga. Ndinataya katundu yense pamsewu mumdima, shuga kuphulika, foni ndaluma kukamwa ngati tochi, manja akunjenjemera nati wa negative osagwidwa. Pomwe ndimachotsa waya uja pulasitiki inali itayamba kale kudontha pafupi ndi giya, kapeti kubooka tibowo takuda mpaka lero tilipo.

Tinagona pomwepo mmotoka magalasi otsegula, ndipo Ogasiti usiku kumeneko kumazizira. Kutacha dalaivala wina wa thiraki anatithandiza kutsegula dashibodi, apa ndiye mkwiyo wanga unafika pakhosi. Mnyamata uja mawaya a expander anangowapotokola ndi zala, tepi anakulunga kamodzi kokha inali itasomphoka, waya wamaliseche ukukhuza chitsulo chogwira wailesi motoka ikadumpha. Waya wonse kuyambira kuseri kwa wailesi wasungunuka wamatirira anzake. Ndiye fyuzi yake yagirini ija? Ili bwinobwino ngati yatsopano, osapsa ngakhale pang'ono. Zoona ananena kuti siidzapsa. Yabuluu ija imapsa chifukwa imagwira ntchito yake, imafa iyo kuti waya atsale, iye anachotsa mlonda nkusiya waya woonda ngati uja kuti asenze moto wa 30, wayayo ndiye anasanduka fyuzi. Ku Mkaika tinafika gule atatha, anthu akubwerera.

Nditabwerera ku Lusaka ndinamutengera mawaya opsawo mu pulasitiki. Mukudziwa anati chiyani? Akuti mdala motoka zakale ndi choncho, mwina munaikamo amplifier. Amplifier iti? Anzake pamenepo kumangoseka, wina akuti bweretsani tikumangireni mawaya atsopano tikuchotserako mtengo. Anthu amenewa tesita alibe, chogwirira ntchito ndi sikuludiraiva imodzi ndi mano osendera waya, akaona fyuzi yapsa ena amakulunga ka pepala konyezimira ka mpaketi ya fodya kapena ka waya ka kopa, iwe wapita iye wadya, zikakapsa uko sizimukhudza. Ndikamuona mpaka pano mtima umachita phaa.

Ndiye akulu pangani nokha, musapatse munthu. Kabokosi ka mafyuzi kamodzi kali mkati mbali ya dalaivala pansi cha ku bondo lakumanja, kena kali mu boneti pafupi ndi batire. Kiyi ikhale pa off. Pa chivundikiro pali mapu, pa Toyota zakalezi funani palembedwa CIG kapena RADIO, nthawi zambiri wailesi ndi laitala zimadyera pamodzi nchifukwa chake zafera limodzi. Onaninso ya DOME, imeneyo pa zambiri ndi yomwe imasunga mawayilesi omwe munatchera ndi wotchi, ngati getsi lakudenga nalonso silikuyaka ndi iyo. Zulani ndi ka pulasitiki kozulira kaja ngati kakadalimo kapena pulaya yosongoka, yang'anani pa kuwala, kachitsulo kapakati kakaduka yapita. Mitundu yake yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yagirini 30, koma werengani nambala osangodalira mtundu. Pitani nayo yakaleyo kogula chifukwa zilipo zazikulu ndi zing'onozing'ono, ku Panganani Road kapena shopu iliyonse ya masipeya zilipo ndipo ndi zotchipa kwambiri. Musanaike yatsopano unikani mkati mwa bowo la laitala, kandalama ka 5 ngwee kapena kamutu ka chaja yotchipa kakagweramo kamapanga shoti, ana amakonda kuponyamo tinthu. Zonse zikakhala zamoyo ndiye kuseri kwa wailesi yeniyeniyo, zogula padera zambiri zimakhala ndi fyuzi yakeyake ya 10 pafupi ndi polowera mawaya.

Koma ikangopsanso kachiwiri musapitirize kudyetsa mafyuzi ndipo musayambe kusenda mawaya nokha, pitani kwa wa mawaya. Inde ndikudziwa ndangowatukwana kumene koma mungatani, yanga anandimangira ndi mkulu wina wa pansi pa mtengo ku Kalingalinga, nayenso shopu alibe, koma ali ndi mita yoyezera magetsi ndipo mawaya amawotcherera ndi solder osati kupotokola. Muime pomwepo muziona chomwe akuika, osapita kukadya nsima. Ndipo kunena zoona ine panjira ikandipsera ndimabwereka pa ina yosafunika kwambiri ya nambala yofanana kuti foni ichaje, wailesiyo ndazula pulagi yake kaye. Sipanala ya 10 muziisunga mu kabati yakutsogolo osati mu buti. Jambulani chivundikirocho muponye pano tikuuzeni yoti muzule, Corolla yanuyo ndi ya chaka chanji?