Kodi ndalama za mu foni ndi mphepo?

Mnyamata wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti akatumiza ndalama kumudzi, mayi ake amakatapa zonse tsiku lomwelo, ati za mu foni ndi mphepo, munthu sangazimange pa chitenje. Funso lake ndi lakuti: kodi ndalama zimenezi ndi zenizeni, kapena tonse tangogwirizana kunamizana?

Achimwene, funso lanu landigoneka mochedwa, chifukwa landikumbutsa khasu la agogo anga aamuna.

Khasu limenelo lilipo mpaka lero kwathu ku Dedza. Mpini wake wasinthidwa kangapo ine ndikuona, ukathyoka amasema wina. Chitsulo chitatha n'kutsala ngati chikhatho, malume anagula china pamsika n'kuchiika pa mpini womwewo. Ndiye kuti palibe mbali yotsala imene agogo anaigwirapo ndi manja awo. Komabe pakhomo aliyense amati khasu la agogo. Tsiku lina nditabwera kutchuthi ndinauza mayi kuti khasu lija linatha kalekale, ili ndi lina. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Nanga kudimba kuja tikulimira chiyani?" Ndinasowa choyankha, ndipo zinandisautsa zaka zambiri. Pambuyo pake ndinawerenga kuti Plutarch, wolemba mabuku wakale wa ku Greece, analembapo za chombo cha Theseus, ngwazi ya m'nthano zawo, chimene anthu a ku Athens ankachisunga, thabwa likawola n'kuikapo lina, mpaka anzeru anayamba kukangana ngati chinali chombo chomwe chija. Mkangano womwewo, wa pakhonde pathu.

Aristotle, wanzeru wakale wa ku Greece, ankasiyanitsa zinthu zomera zokha ndi zopangidwa ndi manja. Anabwereza chitsanzo cha bedi: ulikwirire m'dothi, likati liphuke, chimene chingamere ndi mtengo osati bedi. Ena amachoka apa n'kunena kuti chenicheni ndi mtengowo, bedi ndi dzina chabe. Ine apa ndimakana, ndipo pamene ndikulemba pano ndikukaniratu. Mtondo ndi chipika, inde, koma yesani kusinja mphale pa chipika chosasemedwa. Wosema anaikamo chinthu chimene munalibe, ndipo chinthucho chimadyetsa banja. Chimene chimasintha moyo wa munthu chonchi sindingachitche chongoganizira. Khasu la agogo ndi lenileni chifukwa likulimabe munda womwe uja, ndipo pali anthu amene amalikonza likawonongeka.

Tsono ndalama. Za pepala zimene mayi anu amamanga pa chitenje, mphamvu yake ili m'pepalamo? Kwacha inayamba mu 1971, kumbuyoko tinkagwiritsa ntchito mapaundi. Abale athu a ku Zimbabwe anagwirapo pepala la madola 100 thililiyoni mu 2009, loti silinkakwana kugula zinthu za sabata. Ku India, madzulo a pa 8 November 2016, nduna yaikulu ya dzikolo, Narendra Modi, analengeza kuti mapepala a 500 ndi 1,000 rupee asiya kugwira ntchito pakati pa usiku womwewo. Pepala linali lomwelo, utoto womwewo, koma kutacha wapagolosale sankalilandira. John Searle, wanzeru wa pa yunivesite ya Berkeley ku America, ankati zinthu ngati ndalama, ukwati ndi ufumu zimakhalapo chifukwa anthu avomereza kuti ichi chiziwerengedwa ngati ichi. Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku chilumba cha Yap m'nyanja ya Pacific, kumene ndalama inali miyala ikuluikulu yoboola pakati, yosemedwa ku zilumba zina za Palau. William Furness, mlendo wa ku America amene anakafikako, analemba mu 1910 za mwala umene unamira m'nyanja akubwera nawo, koma banja lake linkawerengedwabe lolemera ngakhale panalibe wamoyo amene anauonapo.

Koma kuvomereza kokha sikokwanira, ndipo apa ndi pamene anthu ophunzira amandikwiyitsa akamaseka amayi akumudzi. Foni yanu ikagwera m'chitsime, ndalama sizimira nayo. Mukakatenga simu ina ya nambala yomweyo mumazipeza. Choncho mu fonimo munalibe ndalama chiyambire. Chimene chilipo ndi kaundula wosungidwa m'makompyuta akuluakulu, wonena kuti nambala yakuti ili ndi zakuti, ndipo kumbuyo kwake kuli ndalama zimene kampani imayenera kusunga ku banki. Amayi a banki m'khonde akudziwa kale zimenezi: masheya awo ali m'buku, ndipo bukulo lili ndi mphamvu chifukwa mlembi alipo, gulu limakumana, bokosi lili ndi makiyi. Kuyambira pamene M-Pesa, njira yotumizirana ndalama pa foni, inayamba ku Kenya mu 2007, bukulo langokula n'kulowa m'makina ofuna magetsi, nsanja za netiweki ndi anthu osagona usiku.

Ndinaziona ndekha usiku wina mwana wanga atadwala. Mu foni munali ndalama zokwanira mankhwala, koma netiweki inali itachoka, ndipo ejenti yekhayo amene anali wotsegula analibe ndalama m'manja. Ndinaima pamenepo, chiwerengero cha ndalamazo chikuoneka pa foni, ine wopanda chogulira. Anandipulumutsa ndi mayi wina amene anamasula mfundo ya chitenje chake. Ndalama zanga zinalipo ndithu, koma zinali ngati khasu lopanda mpini.

Ndiye muwauze chiyani mayi?

Musawauze kuti akulakwa. Auzeni kuti dzina lawo lalembedwa m'buku ngati la banki m'khonde. Azitapa zokwanira sabata imodzi kapena ziwiri, zotsalazo zikhale momwemo poopa akuba ndi moto. Simu ikhale yolembetsedwa m'dzina lawo, ndipo nambala yachinsinsi asauze munthu, ngakhale woimba foni amene akuti ndi wa ku kampani.