Kwa mayi a ku Bembeke amene akufuna kutulutsa anapiye m'nyumba

Mayi, ndawerenga funso lanu lakuti muli ndi anapiye 50 a Mikolongwe amene akwanitsa masabata atatu, ndipo mukufuna kuwasamutsira m'khola la panja sabata ino chifukwa makala akukutherani ndalama komanso fungo lavuta m'nyumba. Zifukwa zanuzo ndi zomveka, koma ndikukupemphani kuti muyambe mwadikira, pakuti tili mu June, ndipo inu mukuyidziwa bwino Bembeke kuposa ine mmene imazizirira m'bandakucha.

Mwanapiye sangathe kudzisungira yekha kutentha kwa m'thupi mpaka nthenga zenizeni zitamera. N'chifukwa chake sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo timachepetsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse kufikira atazolowera mphepo ya kunja. Anuwo pa masabata atatu akufunabe madigiri osachepera 26, pomwe usiku wa kuno ku mapiri m'miyezi ya June ndi July umatsika pansi pa madigiri 10. Amene akukuuzani kuti iwo amatulutsa pa masabata atatu mwina sakunama, koma muwafunse kumene amakhala ndi mtundu umene amaweta. Munthu wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti ali m'boma lathu lomweli la Dedza, koma ali ku chigwa kotentha, ndipo nkhuku za mabuloila zimakula msanga kuposa za Mikolongwe. Malangizo awo sangagwire ntchito kwa inu osawasintha.

Choncho musawerenge masiku okha. Gwirani mwanapiye mmodzi, mumuone pamutu, m'khosi, pamsana ndi kunsi kwa mapiko. Ngati m'malo amenewa mukadali ubweya wofewa uja anabadwa nawo, sanakonzeke. Kawirikawiri nthenga zimakwanira pa masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'nyengo yachisanu ine ndimawonjezerapo sabata imodzi.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira kuno kwa Linthipe. Chaka china mu July ndinatulutsa anapiye a masabata anayi, ndikudalira kuti masana dzuwa linali lowala bwino. M'mawa mwake ndinapeza 11 atafa pakona ya khola, ndipo poyamba ndinaganiza kuti ndi matenda, koma chinawapha n'chakuti anaunjikana pofuna kufunditsana, apansi n'kubanika. Kuyambira pamenepo makona a khola ndimawatseka ndi makatoni kuti mkati mukhale mozungulira, ndipo usiku woyamba ndi wachiwiri ndimadzuka kukawaona ndi tochi.

Masabata atatu kapena anayi amene atsalawa muwagwiritse ntchito powazoloweretsa. Akalowa sabata yachinayi muzichotsa mbaula masana, n'kuibweza dzuwa likapendeka. Sabata yachisanu muziwatulutsa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, m'kampanda kotchingidwa ndi waya pamwamba pomwe, poyamba ola limodzi kenako muziwonjezera. Tsiku la chiperoni kapena la mphepo ya mwera asatuluke. Iwo eni adzakuuzani mmene akumvera: akabalalika n'kumapalasa ndiye kuti ali bwino, koma akaunjikana n'kumalira mokweza, abwezereni m'nyumba msanga. Za mbaulazo ndiwonjezere kuti makala aziyamba ayaka bwino panja, ndipo chipindacho chikhale ndi polowera mpweya, chifukwa mpweya woipa wa makala umapha anapiye ngakhalenso anthu amene agona pafupi.

Khola lenilenilo likonzeni lisanafike tsiku losamutsa. Ngati munali nkhuku zina, sesani, tsukani, thirani mankhwala ophera tizilombo, ndipo likhale lopanda kanthu masabata awiri kuti utitiri ndi matenda zichepe. Pansi muyale utuchi wouma kapena mankhusu a mpunga wochindikala ngati kutalika kwa chala, ndipo mbali imene kumachokera mwera mupachike masaka amene mungamawatsitse usiku, kusiya mpata m'mwamba. Tsekani bowo lililonse, pakuti pamene palowa khoswe likongwe amalowanso, ndipo masana kabawi ndi khwangwala sachedwa kuona anapiye atsopano. Muthirenso phulusa kuzungulira khola poopa linthumbu. Anapiye 50 a msinkhu umenewu apatseni malo osachepera mamita awiri mulifupi ndi atatu mulitali, podziwa kuti akamakula adzafuna oposa apa.

Chimene ambiri timachiiwala ndi katemera. Asanaponde dothi limene nkhuku za m'mudzi zimayendapo, akhale atalandira katemera wa chitopa ndi wa gumboro. Ngati simunawapatse, onanani ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu sabata ino. Wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Musawatemere tsiku lomwelo losamutsa, ndiponso musasinthe chakudya tsiku lomwelo. Apitirize chick mash yemwe anazolowera kwa sabata imodzi, kenako muzisakaniza pang'onopang'ono ndi growers mash. Zomwera ndi zodyera mupite nazo zomwezo za m'nyumba kuti asavutike kuzizindikira. Mukaona zitosi za magazi, makamaka utuchi ukanyowa, kawirikawiri amenewo ndi matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis, ndipo amafuna mankhwala monga amprolium tsiku lomwelo.

Pomaliza, musawaphatikize ndi nkhuku zazikulu, chifukwa zidzawajompha ndi kuwalanda chakudya. Pakati pakhale waya kufikira atayandikira msinkhu wa zinzawozo. Asamutseni m'mawa wa tsiku ladzuwa, ndipo akhale otsekeredwa masiku atatu kapena anayi kuti adziwe pogona pawo. Za fungo lomwe lakuvutanilo, chotsani utuchi wonyowa wa pansi pa zomwera m'mawa uliwonse n'kuikapo wouma, mudzaona kuti lachepa kwambiri mpaka tsiku lowatulutsa litakwana.