Corolla yanuyo musafulumire kuigulitsa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Corolla yanu ya AE110 yafika pa makilomita 340,000, yayamba kudya oyilo, sabata yatha inatentha pokwera chitunda, ndipo kunyumba akukuuzani kuti muigulitse isanakufereni m'manja. Inuyo mtima ukukana, koma mukuopanso kuti mwina mukungokakamira chinthu chakutha. Ine sindizungulira: panopa musaigulitse. Ndili ndi yotero, ya 1997, injini yake 5A-FE, ndipo mwezi watha yadutsa 410,000 injini isanatsitsidwepo n'kamodzi komwe.

Nambala ija ili pa dashibodi siyomwe imapha galimoto. Ndalama imene mungaipeze mutagulitsa yanuyi idzakugulirani galimoto ina yakale, ya mavuto a munthu wina amene simukuwadziwa, mwinanso nambala yake anaibweza m'mbuyo isanafike kwa inu. Yanuyi mukuidziwa kalilidwe kake, mukudziwa chimene chinasinthidwa ndi chimene sichinakhudzidwe. Zimenezo sizigulidwa pamsika.

Chimene chandidetsa nkhawa pa zonse mwalembazo ndi kutenthako, ndipo muyambire pamenepo sabata ino. Injini imeneyi thunthu lake ndi lachitsulo cholimba koma mutu wake, cylinder head, ndi wa aluminiyamu. Ikatentha kwambiri mutuwo umapindika, gasiketi n'kupsa, madzi n'kuyamba kukumana ndi oyilo. Corolla zambiri zimene mumaziona zitakhazikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba sizinafe ndi ukalamba, zinafa tsiku limodzi lomwe muvi wa kutentha unakwera mwiniwake n'kunena kuti ndingofika kaye pa siteji. Muvi ukangodutsa pakati, imani, zimitsani, dikirani izizire. Chivundikiro cha rediyeta musatsegule ikadali yotentha, madzi ake amawaula nkhope.

M'mawa injini isanalire, tsegulani chivundikirocho muyang'ane. Ngati madzi ali ofiirira ngati a m'dambo, rediyeta yadzaza dzimbiri. Ambiri a ife timathira madzi a pamjigo kapena a pampopi, ndipo mchere wa m'madziwo umamatirira m'timinjira ta rediyeta mpaka kutseka. Itsukitseni, kapena ngati thanki yake yapamwamba ya pulasitiki yachita ming'alu, gulani ina ndithu, kumata sikukhalitsa. Mukatero thiranimo coolant, madzi apadera oziziritsira injini, osati madzi okha. Chivundikirocho ndi chotsika mtengo koma chikafooka madzi amawira msanga, choncho sinthani limodzi. Onetsetsaninso kuti fani ikuzungulira yokha injini ikatentha, ndipo finyani mapaipi a rabala mumve ngati afewa kapena auma gwa.

Pali chizolowezi china chomwe ndimakana kwamtuwagalu. Amakaniko ena galimoto ikatentha amangochotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, n'kuitaya, amati kuno n'kotentha siifunika. Anandichitapo zimenezi pa galaja ina zaka zapitazo ine osadziwa. Galimoto inayamba kumwa petulo wambiri, m'mawa wa mu June inkatenga nthawi kuti ikhazikike, ndipo vuto lenileni, rediyeta yotsekeka, linali pomwepo. Ngati thermostat yafa, ikani ina. Funsani makaniko wanu akuonetseni ngati yanu ilimo.

Mukamatsegula chivundikiro cha oyilo muonenso kunsi kwake. Mukapeza zoyererako ngati chiponde chosungunula ndi mkaka, kapena madzi a mu rediyeta akumatuluka thovu injini ikulira, ndiye kuti gasiketi yakhudzidwa. Ngakhale pamenepo galimoto siinathe. Mutu umachotsedwa, n'kukaupala ku makina kuti uwongoke, n'kuika gasiketi yatsopano. Ndi ntchito yodziwika bwino ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Mzuzu.

Za oyilo, yambani mwadziwa kumene akupita. Imikani galimoto pamalo oyera usiku, m'mawa muone pansi. Injini zakalezi zimakonda kudontha pa gasiketi ya chivundikiro chapamwamba ndi pa karabala ka pa distributor, ndipo zonsezo n'zazing'ono. Ngati sikudontha, yang'anani utsi. Utsi wobiriwira ngati mtambo umene umatuluka polizitsa m'mawa n'kusiya pakapita kanthawi nthawi zambiri ndi timarabala ta mavavu, valve seals, tauma. Utsi wosalekeza, makamaka mukaponda moto, ukuloza ku maring'i a mapisitoni. Musalole munthu aphwasule injini chifukwa chomvera ndi khutu basi. Pemphani compression test: amachotsa mapulagi onse anayi n'kuyeza mphamvu ya silinda iliyonse. Ngati manambala anayiwo ali oyandikana, injini yanu ikadali ndi moyo wautali.

Yanga imadya oyilo pang'ono, ndipo ndinazolowerana nayo. Loweruka lililonse ndimasolola kandodo koyezera, ndipo botolo la lita imodzi silichoka m'buti. Imalowa pafupifupi malita 3, ndimathira 20W-50, n'kusintha pamodzi ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 aliwonse. Ena adzakuuzani kuti ndikuwononga ndalama, koma ndi fumbi la mu September ndi October pa misewu yathu ya kumudzi, ine sindidikira kupyola apo. Oyilo muzigula wotsekedwa m'botolo lake, osati wopungulira m'mabotolo a madzi pamsewu. Fyuluta ya mpweya nayo musamangoipopera chaka ndi chaka, ikabooka fumbi limapita kukapala masilinda ngati mchenga.

Kodi timing belt, lamba woyendetsa mavavu a injini, inasinthidwa liti? Injini ya 5A-FE ndi ya lamba, siili ngati 1NZ-FE ya Corolla yotsatira ija imene ili ndi tcheni. Lambayo amafuna kusintha pa makilomita 100,000 aliwonse. Ngati simukukumbukira, sinthani tsopano pamodzi ndi tensioner yake. Ndi bwino kulipira pa galaja masana kusiyana n'kuti adukire pakati pa Zalewa ndi Balaka usiku muli ndi ana.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta inandiphunzitsa china. Pampu ya petulo imakhala m'kati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Kuyenda nyali ya mafuta itayaka tsiku ndi tsiku kumaitopetsa, ndipo petulo wa m'zigubu amabwera ndi zinyalala, nthawi zina ndi madzi. Pampu yanga inafa motero, ndili pa mzere wa mafuta. Ngati mwakakamizika kugula wa m'chigubu, sefani pa nsalu yoyera, ndipo fyuluta ya petulo muisinthe msanga.

Zipangizo za pansi zisakutayitseni mtima. Mashoko, mabushi, ma ball joint, zonsezi zimatha ndi maenje, ngakhale pa galimoto ya chaka chatha. Mukamva kuti "ka-ka-ka" pokhota, ndi CV joint, ndipo kawirikawiri chimayamba ndi rabala yake yong'ambika imene inalowetsa mchenga. Ubwino wa Corolla imeneyi ndi wakuti masipeya ake ali ponseponse, ku Malangalanga, ku Limbe, ku Ndirande. Chitseko, nyali, galasi, sitata, zogwiritsidwapo kale ntchito zilibe vuto. Koma lamba, mabuleki ndi zonse za chiwongolero gulani zatsopano, ndipo chakalecho muzipita nacho kukafananiza.

Pa mabuleki ndi matayala pokha ndiye palibe chifundo, ngakhale muikonde bwanji. Brake fluid, mafuta a mabuleki, amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira potsetsereka, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Sinthani zaka ziwiri zilizonse. Potsika mapiri a ku Chiweta kapena msewu wa ku Golomoti, gwiritsani giya yaing'ono, musakhalire kuponda buleki. Matayala a kaunjika muziwerenga m'mbali mwake: pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016, ndipo ngakhale mano ake akuoneka, rabala yakalamba. Musadikire tsiku lokatenga COF kuti muone zimenezi.

Tsopano za mtima wanuwo. Musachite manyazi kuti mwaikonda. Yanga anagula ndi bambo anga atapuma pa ntchito, inalowera ku Dar es Salaam n'kudzera pa Songwe. Ndi imene inatenga mayi a kunyumba kupita nawo kuchipatala usiku umene mwana wathu woyamba anabadwa. Yanyamula matumba a chimanga kuchokera kumudzi, yaperekeza maukwati, yapita ku maliro osawerengeka. Bambo atadwala ndinkawatengera momwemo, atakhala kutsogolo, dzanja lawo litagwira kachogwirira ka pamwamba pa chitseko. Pamenepo mpaka lero pali posalala pomwe ankagwira. Anthu angapo andifunsapo mtengo, ndipo ndimawayankha mwaulemu kuti siyogulitsa.

Bambowo anandisiyiranso kabuku kamene kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo, momwe ankalemba tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa ndi ndalama yake. Ndinapitiriza pomwe anasiyira. Yambani kanu lero. Kadzakuthandizani pokambirana ndi akunyumba, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona ndipo siyofunika kuinyoza: akuopa kugona pamsewu ndi kuona ndalama ya fizi ikupita ku galaja. Mukawaonetsa zimene galimoto yadya chaka chonse, n'kuyerekeza ndi ngongole ya galimoto ina pamodzi ndi inshulansi yake, mudzakambirana zooneka ndi maso. Ine mwezi uliwonse ndimapatula kangachepe ka galimoto, ivute isavute, ndipo makaniko ndili naye mmodzi kwa zaka zambiri. Kusinthasintha amisiri n'kumene kumapha galimoto zakale, aliyense amabwera ndi nzeru zake n'kudula mawaya a mnzake.

Chilipo chimodzi chomwe chingandichititse kukuuzani kuti ilekeni: dzimbiri la m'mafupa ake. Ikwezeni pa dzenje la pa galaja, muyang'ane pansi ndi tochi. Chotsani tayala la sipeya muone m'mene limakhalamo, tukulani makapeti, onani pomwe pamamangidwa mashoko kutsogolo ndi kumbuyo. Gogodani ndi sikuludiraiva. Ngati chitsulo chikuboola kapena kufumbutuka pamalo amenewo, kapena galimoto inachitapo ngozi n'kupindika moti imadya matayala mbali imodzi ngakhale mutaiwongoletsa, imeneyo musanyamuliremo banja. Injini ina mutha kugula n'kuikamo, koma thupi likawola palibe pomangirira.

Ngati pansipo pali polimba, pitani nayo Loweruka likubwerali akaone rediyeta ndi thermostat, ayeze compression, ndipo manambala anayiwo mudzatilembere muno tidzaone limodzi choyambira.