Anakuuzani ndani kuti ndinu distinguished?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene akufunsira ntchito pa sukulu ina ya pulaiveti. Akufunsa ngati angalembe pa CV kuti "I am a distinguished teacher", poti ana a m'kalasi mwake amakhoza bwino chaka ndi chaka. Achemwali, mwandiponda pachilonda. Ndikuyankhani, koma muyambe mwamva zanga.

Pa mayeso a MSCE ndinapeza 1 pa Chichewa ndi 2 pa Chingerezi. Amene munadutsako mukudziwa kuti 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza basi, 9 ndiye wagwa. Kwa ine masamu ake anali osavuta: ma distinction ndili nawo awiri, ndiye kuti ndine distinguished. Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Limbe ndinailemba pamanja katatu konse kuti pasaoneke pofufuta, ndipo mzere wachiwiri unkati "I am a distinguished young man". Ndinali ndi zaka 19, jekete yobwereka kwa amalume, mikono yake yobisa zala.

Pa intavyu panali anthu atatu. Bambo wina waimvi, magalasi ali pansonga ya mphuno, anawerenga kalata ija mokweza. Atafika pa mawuwo anaima, n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato. Kenako anafunsa m'Chichewa, mofatsa bwinobwino: "Achimwene, anakuuzani ndani?" Ine kakasi. "Zoti ndinu distinguished, anakuuzani ndani?" Mayi amene anakhala pambali pawo anabisa nkhope kuseri kwa fayilo, mapewa okha akugwedezeka. Ntchito sindinaipeze, ndipo mu minibasi yobwerera ku Ndirande jekete ija ndinaivula n'kuipinda pamiyendo.

Kwa zaka zambiri ndinkati bamboyo anali wamwano. Lero ndimati anandiphunzitsa mawuwa kuposa dikishonale. Distinguished amachokera ku mneni distinguish, kutanthauza kusiyanitsa, ndipo gwero lake ndi distinguere wa Chilatini. Munthu wotchedwa distinguished ndi amene anthu amupatula pagulu la anzake chifukwa cha ntchito imene waigwira kwa nthawi yaitali ndipo yaoneka. Opatulawo ndi ena. Zili ngati kufupa pa gule: wovina sadzifupa yekha, ngakhale atathyola chiuno bwanji.

Taonani kumene mawuwa amakhala kwawo. Mayunivesite a ku America ali ndi udindo wa Distinguished Professor, ndipo amaupereka ndi akuluakulu a sukuluyo kwa mapulofesa ochepa. Ku Britain kuli mendulo ya Distinguished Flying Cross, imene inayamba mu 1918, ya oyendetsa ndege za nkhondo. Asilikali achikuda a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, ankapatsidwa African Distinguished Conduct Medal akaonetsa kulimba mtima kunkhondo. Palibe msilikali ankadzilembera yekha.

Koma ifenso mawuwa tawafoola, ndipo izi zimandinyansa. Pa mwambo uliwonse, kaya wotsegulira mjigo, kaya wa ana a nazale ovala tizipewa ta graduation, woyendetsa mwambo sangayambe popanda "distinguished guests, ladies and gentlemen", kenako "all protocols observed". Aliyense wokhala pampando wapulasitiki pansi pa tenti ndi distinguished, wokhala padzuwa ndi ladies and gentlemen. Inde n'zovomerezeka, ngakhale ku United Nations nthumwi zimatchulana kuti "distinguished delegate". Koma kumeneko ndi ulemu wapakamwa chabe, ngati "zikomo" wa podutsa pakati pa anthu. Chimene sindimvetsa n'chakuti pagulu la agogo osamva Chingerezi timalimbikirabe zimenezi, chonsecho tili ndi mawu athu okoma. Imvani mmene mkulu woyankhula pamaliro amatchulira mafumu, atsogoleri a mpingo, adzukulu, aliyense ndi malo ake.

China chimatisokoneza n'chakuti Honourable ndi distinguished tonse timangoti "olemekezeka". Honourable amabwera ndi mpando wa ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale kwathu kuno munthu amaukakamirabe atagwa chisankho kalekale. Distinguished sumupeza povota.

Palinso tanthauzo la maonekedwe. Azungu akati munthu "looks distinguished" amanena wachikulire wooneka mwaulemu, kawirikawiri wa imvi, wovala bwino. Bambo anandifunsa uja analidi wotero, ndivomere.

Nanga pa CV mulembe chiyani?

Musalembe. Ikani zimene zikuoneka: zaka zimene mwaphunzitsa, phunziro lanu, ana angati mwa angati anakhoza chaka chatha. Ngati mukufuna liwu lofotokoza inuyo, experienced akukwana. Ngati munakhoza dipuloma yanu "with distinction", lembani choncho, chifukwa zili pa satifiketi. Distinguished asiyireni ahedi anu m'kalata yokuchitirani umboni, ndipo muwapatse nthawi yokwanira, chifukwa ahedi ambiri amene ndikuwadziwa kalata yotere amailemba pa tsiku lomaliza.