Musanalumikize sitovu ya nkhuni ku chumuni chakale

Abale amene mwangofika kuno ku Canada, ambirife tinayambira ku basement chifukwa lendi yake ndi yotsikirako. Januwale akafika, bilu ya magetsi itakwera, maso amagwera pa chumuni chakale chija: “Ndingogula sitovu ya nkhuni, ndilumikize paipi basi.” Dekhani kaye.

Kumudzi utsi umadzipezera njira m'denga la udzu. Nyumba za kuno n'zomata paliponse. Ndiye yambani mwafufuza chimene chinalumikizidwa kale ku chumunicho. Kawirikawiri ndi furnace ya gasi yotenthetsa nyumba kapena thanki yotenthetsera madzi. Zikakhala choncho, sitovu yanu isalowe njira imodzimodziyo. Malamulo amakaniza, ndipo mpweya wapoizoni wa carbon monoxide ukhoza kubwerera m'nyumba. Mpweya umenewu sununkha, umangokutengani muli m'tulo. Alamu yake gulani lero lomwe.

Ine ndinaona zakuda chaka changa chachiwiri. Chumuni chathu chinali cha njerwa, chomangidwa kunja kwa khoma, chozizira ngati mwala wa mumtsinje. Nditangokoleza moto, utsi wonse unatulukira pachitseko cha sitovu, alamu kulira, ana kutsokomola. Mpweya wozizira unkatsika m'chumunimo, komanso makina oumitsira zovala anali akuzungulira, kutulutsa mpweya wa m'nyumba panja n'kukokera utsiwo m'chipinda. Wosesa chumuni atatsitsamo kamera anandionetsa matailosi adothi a mkati ali ming'alu yokhayokha. Tinalowetsamo paipi ya stainless steel ya mainchesi 6, yofanana ndi pakamwa pa sitovu, yokutidwa kuti isazizire. Ndalama zinapita, mtima unawawa, koma utsi unaleka kubwerera. Mpaka pano ndimayamba ndatsegula windo pang'ono, n'kuyatsa nyuzipepala pafupi ndi khomo la paipi kuti njira itenthe.

Ngati mukuchita lendi, musakhudze kanthu landilodi asanavomere polemba. Itanani woyendera wa satifiketi ya WETT (bungwe lophunzitsa oyendera masitovu a nkhuni ndi machumuni), chifukwa a inshulansi ambiri amafuna lipoti lake. Paipi wamba yochoka pa sitovu, ya khoma limodzi la chitsulo, italikirane ndi matabwa mainchesi 18.

Za nkhuni, ife odziwa kutola tisadzitame. Nkhuni za mtengo wa oak zimafuna pafupifupi zaka ziwiri kuti ziume, ndipo chinyezi chisapose 20 peresenti. Ziwisi zimasiya phula lakuda m'paipi, lotchedwa creosote, ndipo likayaka chumuni chimalira ngati ndege. Sesani chumuni chaka chilichonse chisanu chisanayambe. Mbaula ya makala yokha, ngakhale magetsi azime usiku wonse, ikhale panja.