Mphere za galu wamng'ono zikumabwererabwerera: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo ndikuwayankha pano chifukwa vuto lawoli likuvutitsa anthu ambiri oweta agalu. Mwachidule, ali ndi galu wamkazi wa miyezi 9, wosakanizika ndi mtundu wa Boerboel. Ali ndi miyezi 4 anayamba kuthothoka ubweya mozungulira maso ndi pakamwa, kenako pamiyendo yakutsogolo. Anamubayitsa jekeseni ya ivermectin kawiri, ubweya unamera, koma patangotha mwezi zinayambiranso. Ulendo wachiwiri anapita naye kwa dokotala wa ziweto, amene anapala khungu, nayang'ana pa maikulosikopu, n'kunena kuti ndi tizilombo totchedwa Demodex. Anawapatsa mankhwala osambitsa, galu anaoneka kuti wachira, iwo n'kusiya. Tsopano zabweranso kachitatu, ndipo ulendo uno zafika kumimba ndi pakati pa zala, khungu lada ndipo likununkha. Anansi ena akuti amupake oyilo wakuda wa galimoto, ena akuti angomutaya asanapatsire ana. Funso lawo n'lakuti: "Kodi matendawa amatha, kapena ndikungotaya ndalama?"

Amatha, mayi. Musamutaye galuyo. Mwa zimene mwalembazi, ine ndikuona kuti matendawa sanathepo n'kubwerera. Ankangochepa, inu n'kusiya mankhwala tizilombo tisanathe, ndiye timachulukananso. Sindikukudzudzulani, chifukwa aliyense amasiya mankhwala akaona ubweya wamera. Koma pa matenda awa maso amanamiza.

Ndiyambe ndi za ana anu, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mphere za Demodex sizipita kwa anthu. Ngakhale galu mnzake wamkulu wathanzi amene amagona naye limodzi sangadwale chifukwa cha iye. Mphere zimene anansi anu akuziopa ndi za mtundu wina, zoyamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes. Zimenezo zimayabwa koopsa, galu amadzikanda usana ndi usiku, zimakonda m'mphepete mwa makutu ndi pazigongono, ndipo zimadumphira agalu ena ngakhalenso anthu. Zipere nazo zimathothola ubweya mozungulira ndipo ana angathe kuzitenga. N'chifukwa chake munachita bwino kwambiri kukapalitsa khungu, popeza tsopano tikudziwa mdani amene tikulimbana naye.

Demodex canis ndi kachilombo kakang'ono kosakwana theka la milimita, kotalika ngati kandudu, ka miyendo 8 yaifupi. Kamakhala mkati mwa timaenje ta pakhungu momwe mumamera ubweya. Agalu pafupifupi onse ali nato tochepa, ndipo amatitenga kwa mayi awo pa masiku awiri kapena atatu oyamba pamene akuyamwa. N'chifukwa chake zigamba zoyamba zimaonekera kumaso ndi kumiyendo yakutsogolo, mbali zimene zimakhudza bere. Galu wa chitetezo chabwino amatipanikiza moti simungadziwe n'komwe kuti tilipo. Mwa ana agalu ena, kawirikawiri osakwana miyezi 18, chitetezo chimalephera, tizilombo timaswana mpaka timaenje tija kudzaza ndi kuphulika, ubweya n'kugwa. Choncho galu wanu sanakazitole kudzala kapena kwa galu wa anansi. Simuyenera kutentha chiguduli chake kapena kupopera mankhwala bwalo lonse, chifukwa kachilomboka sikakhalitsa kakachoka pathupi la galu.

Matendawa ali pawiri. Zikakhala zigamba zing'onozing'ono zochepa, monga zitatu kapena zinayi kumaso, zambiri zimatha zokha m'milungu 6 kapena 8 popanda mankhwala amphamvu. Koma zikafalikira malo ambiri, kapena zikagwira chigawo chonse cha thupi, kapena zikalowa m'mapazi, imeneyo ndi nkhani ina. Galu wanu wafika pamenepo, ndipo sizingathe zokha.

Tsopano tifike pachimake. Ubweya umayamba kumera tizilombo tikangochepa, pamene tina tikadali pansi m'timaenje pamodzi ndi mazira. Kuchokera pa dzira mpaka kachilombo kakakulu pamatenga milungu itatu kapena kupitirira pang'ono, ndiye mukasiya mankhwala lero, pakutha mwezi gulu latsopano lakhwima kale. Zimenezi zikugwirizana ndendende ndi zimene mwandifotokozera. Zili ngati chifuwa chachikulu cha TB: wodwala amamva bwino pakatha milungu yochepa, koma achipatala amamuuza kuti amalize miyezi 6, chifukwa akasiyira panjira chimabwerera.

Ndiye mankhwala asiyidwe liti? Malangizo amene bungwe la madokotala a matenda a khungu la ziweto padziko lonse, la World Association for Veterinary Dermatology, linatulutsa mu 2020 amafuna kuti galu azipalidwa khungu mwezi uliwonse pamene akulandira mankhwala, ndipo mankhwalawo apitirire mpaka kupala kuwiri kotsatizana, kotalikirana mwezi, kusonyeze kuti mulibe kanthu. Mulibe kanthu zikutanthauza kuti palibe kachilombo kamoyo, palibe kakufa, palibe dzira. Malangizo omwewo amati mankhwala apitirirenso milungu inayi pamwamba pake kuti matendawa asabwerere, ndipo zimenezi musaziphonye kwa galu amene zamubwererapo ngati wanuyu. Kupalako kuyenera kukhala kozama, dokotala afinye khungu ndi kupala mpaka timagazi tioneke pang'ono, ndiponso apale malo angapo, osaiwala kumaso ndi kumapazi. Musachite mantha ndi timagazito, kupala kwapamwamba kumaphonya tizilombo n'kukunamizani kuti zatha. Pakati pa zala, pamene pamavuta kupala, amazula ubweya n'kuyang'ana kumizu. Konzekerani miyezi itatu kapena inayi, ndipo mapazi amachedwa kuposa malo ena onse. Galu amatchedwa wochira kwenikweni akatha miyezi 12 atasiya mankhwala popanda kubwerera.

Za jekeseni ija, ivermectin ndi mankhwala enieni ndipo amapha Demodex, koma osati mwa kubaya kawiri. Kubaya kotalikirana koteroko kumathetsa mphere za Sarcoptes, mwina n'chifukwa chake anthu ambiri amakukhulupirira. Pa Demodex, ivermectin amayenera kumwetsedwa tsiku lililonse kwa miyezi, pa mlingo waukulu umene dokotala amaukweza pang'onopang'ono akuonetsetsa mmene galu akuchitira. Chonde musagule botolo la ng'ombe n'kumayeza nokha. Agalu ena, makamaka a mtundu wa Collie ndi abale ake, ali ndi chibadwa chimene chimalola mankhwalawa kulowa mu ubongo, ndipo ngakhale galu wamba mlingo ukapitirira amadzandira, amatuluka dovu, amasiya kuona, mwinanso kufa.

Osambitsa aja ndikuganiza kuti anali a amitraz, omwe amapezekanso m'mankhwala a dibi la ng'ombe. Amagwira ntchito akamasambitsidwa mlungu uliwonse kapena milungu iwiri iliyonse mosadumphitsa, osatsukuluza, galu n'kuuma yekha ndiponso osanyowa mpaka ulendo wotsatira. M'nyengo ya dzinja kwa galu wogona panja zimenezi n'zovuta. Ndi poizoni ndithu. Wosambitsa avale magolovesi, asambitsire panja podutsa mphepo, ana akhale kutali, ndipo munthu wodwala shuga asagwire. Kasungunulidwe kake kachokere kwa dokotala, osati kungoyerekeza ndi ka ng'ombe.

Galuyo akanakhala wanga, ndikanafunsa dokotala za mapiritsi a gulu la isoxazoline. Anayamba kugulitsidwa cha mu 2013 ndi 2014 ngati mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, kenako zinaoneka kuti amapha Demodex bwino kwambiri, moti asintha kachiritsidwe ka matendawa padziko lonse. Alipo afoxolaner amene amagulitsidwa ndi dzina la NexGard, sarolaner wa Simparica ndi lotilaner wa Credelio, onsewa kamodzi pamwezi, ndiponso fluralaner wa Bravecto, amene piritsi limodzi limagwira milungu 12. Ndi odula, zimenezo sindingabise. Koma mukawerengera zimene mwalipira kale pa majekeseni, osambitsa ndi maulendo atatu aja, muona kuti kubwereza mankhwala osamaliza n'kumene kumadya ndalama. Phindu lina n'lakuti nkhupakupa ndi utitiri zimathera pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, mapiritsiwa amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa galu, ndipo wa magazi a Boerboel pa msinkhu uwu amakula msanga. Piritsi limene linkamukwana mwezi watha likhoza kumuchepera mwezi uno, ndipo mlingo wochepa ndi njira ina imene matendawa amabwererera. Muzimuyeza pasikelo nthawi iliyonse musanagule, ndipo musagawane piritsi limodzi ndi mnansi pofuna kupulumutsa ndalama. Chachiwiri, mu 2018 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza kuti agalu ena amanjenjemera kapena kukomoka ngati akhunyu akamwa mankhwala a gulu limeneli. Sizichitikachitika, koma ngati galu wanu anakomokapo, muuzeni dokotala asanakupatseni.

Pali funso limodzi limene ndikufuna mukafunse kulikonse kumene galuyu analandirako chithandizo: kodi anamupatsapo dexamethasone kapena prednisolone? Awa ndi mankhwala oletsa kuyabwa ndi kutupa, ndipo nthawi zina amaperekedwa pamodzi ndi jekeseni ina mwini galu osauzidwa. Galu amapeza bwino masiku ochepa, koma mankhwalawa amafooketsa chitetezo chomwecho chimene tikufuna kuti chidzuke, tizilombo n'kupeza mpata. Ngakhale mafuta opaka amene muli mankhwala a mtundu womwewu, otchedwa steroid, amene timasunga m'nyumba chifukwa cha zotupa za pakhungu, musamupake.

Fungo lija ndi kuda kwa khungu zikundiuza kuti mabakiteriya alowerera. Demodex payekha sayabwa kwenikweni. Timaenje tikaphulika, mabakiteriya a Staphylococcus amalowa, n'kubweretsa mafinya, nkhanambo, kuyabwa ndi kununkha. Mbali imeneyi ndi imene ingadwalitse galu kwambiri. Dokotala angakupatseni shampu ya chlorhexidine kapena benzoyl peroxide yosambitsa kamodzi kapena kawiri pamlungu, thovu lake likhale pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Zilonda zikakhala zozama adzawonjezera ma antibayotiki a milungu ingapo, ndipo nawonso ndi omaliza. Mukaona kuti wasiya kudya, thupi latentha, kapena mapazi atupa n'kumatuluka magazi, musadikire tsiku lobwerera, pitani naye tsiku lomwelo.

Oyilo wakuda ayi, ngakhale pang'ono. Ndimamva chisoni ndikaona galu atapakidwa thupi lonse, ali bii pa dzuwa. Oyilo wogwira kale ntchito ali ndi zitsulo ndi zinthu zina zapoizoni, amawotcha khungu lomwe lili kale ndi zilonda, galu amamunyambita n'kumeza, ndipo safika pansi pamene pali tizilombo. Amene amati anachiritsa naye galu, nthawi zambiri galuyo anali ndi tizigamba tija totha tokha.

Mankhwala amapha tizilombo, koma amene adzatipanikize moyo wonse ndi thupi la galuyo, choncho tiyang'anenso chimene chikulifooketsa. Njoka za m'mimba zimayamwa mwana wa galu kwambiri, ndiye ngati simunamupatse mankhwala a njoka posachedwa, yambirani pamenepo. Matenda obwera ndi nkhupakupa nawo amachepetsa magazi, dokotala ayang'ane nkhama ndipo ngati n'kotheka ayeze magazi. Kenako chakudya. Galu wamkulu thupi amene akukula sangamange khungu ndi ubweya ndi phala la madeya kapena mikute ya nsima yokha. Ngati chakudya cha m'sitolo chikukulemerani, muziwonjezera bonya kapena usipa wophika wopanda mchere wambiri, dzira lophika, zam'kati za nkhuku, soya wokazinga ndi kugayitsa. Ndiwo zotsala zimene muli anyezi wambiri musamupatse, anyezi amawononga magazi a galu.

Chinanso chikukhudza galu wanu makamaka chifukwa ndi wamkazi wa miyezi 9. Imeneyi ndi nyengo imene ambiri amayamba kufuna amuna koyamba, ndipo kusintha kwa m'thupi pa nthawi imeneyi, komanso bere ndi kuyamwitsa, kumadzutsa matendawa. Ndingakonde kudziwa ngati kubwerera kwachitatuku sikunagwirizane ndi zimenezo. Malangizo anga ndi oti khungu likayamba kupola, mabakiteriya atatha, mukamuchititse opaleshoni yoti asabereke. Ndikudziwa kuti ana a Boerboel ali ndi msika ndipo mwina munali ndi chiyembekezo chimenecho. Koma kufooka kwa chitetezo kumeneku kumayenda m'magazi, ndipo ana ake ena adzadutsa m'mavuto omwewa m'manja mwa anthu amene mwina sadzapirira ngati inu. Ngati mukudziwa kumene munamugula, auzeni mwaulemu, chifukwa makolo akewo akapitiriza kuswana vutoli lipitirira.

Kwa owerenga ena amene galu wawo wayamba zimenezi ali wamkulu kale, wa zaka 4 kapena kupitirira, dziwani kuti kawirikawiri pamakhala matenda ena obisika, monga a mahomoni kapena khansa, ndipo afufuzidwe.

Mayi, bwererani kwa dokotala amene anapala khungu uja, popeza ali ndi maikulosikopu ndipo akudziwa kale mbiri ya galuyo. Ngati alibe mapiritsi ndatchulawa, Blantyre si patali ndi Zomba, ndipo kuli madokotala a ziweto komanso bungwe loteteza ziweto ku nkhanza la BSPCA. A ku Lilongwe angafunse ku kiliniki ya bungwe lofanana nalo la LSPCA. Imbani kaye foni mufunse ngati amapala khungu ndiponso ngati mankhwala alipo, kuti musayende ulendo wachabe. Mutenge mabotolo ndi mapaketi onse a zimene galuyu wamwa kapena kupakidwa. Mugule kope laling'ono, muzilembamo tsiku la piritsi, kulemera kwake ndi zimene zapezeka popala, ndipo muzimujambula ndi foni malo omwewo mlungu uliwonse. Mwezi woyamba musayembekezere ubweya wambiri, choyamba kuchepa ndi fungo ndi kufiira kwa khungu. Tsiku lopalanso khungu mugwirizane musanachoke kwa dokotalayo, ndipo mukandilemberanso mundiuze ngati anapatsidwapo dexamethasone.