Kwa achimwene amene Volca Drum yawo ikungolira "pyuu pyuu"

Achimwene, mwati munagula Korg Volca Drum, kamakina kamagetsi kopangira kulira kwa ng'oma, koma chilichonse chomwe mukupanga chikungolira pyuu pyuu ngati kamfuti ka mu gemu, kick yake (ng'oma yaikulu ya mawu apansi) njopepuka, ndiye mukuganiza zoigulitsa. Chonde dikirani kaye. Ine kamakina kameneka ndakhala nako nthawi ndithu ndipo ndimakakonda kwambiri, vuto mukunenali limachokera pa malo amodzi okha ndipo mutha kulithetsa usiku womwe uno.

Choyamba mudziwe kuti mkati mwakemo mulibe ng'oma yojambulidwa ngakhale imodzi. Si sampler, makina oliza mawu ojambulidwa kale, ayi. Korg anaitulutsa mu 2019 ngati synth, kutanthauza kuti kulira kulikonse mumachita kukuumba nokha, ndiye ukamangodumpha kuchoka pa kit iyi (gulu la ng'oma zokonzedwa kale) kupita pa inayo kufunafuna kick yabwino utopa chabe. Ganizirani ng'oma yeniyeni. Ukaimenya chikopa chija chimakungika kwa kamphindi kakang'ono kwambiri, mawu amayambira pamwamba kenako n'kugwa msangamsanga kufika pa kulira kwake kwenikweni, kenako n'kumazilala. Kugwa kumeneko kukachitika mothamanga khutu silimva kuti chinthu chatsika, limangomva "dum". Kukachedwa ndi pamene mumamva "pyuu" wanu uja. Basi, nkhani yonse yagona pamenepo. Ndipo "pyuu" ameneyu si chilema, Syndrum ya Pollard yomwe inatuluka mu 1976 inatchuka naye mu nyimbo za disco, ma tom (ng'oma za mawu apakati) a Simmons SDS-V a 1981 aja okhala ndi mbali sikisi nawonso ankalira motsika choncho. Kungoti inu mwamuika pa kick pomwe sakufunikira.

Ndiye pangani chonchi. Tengani part imodzi, ndiye kuti ng'oma imodzi pamakinapo, yomwe imakhala ndi ma layer awiri a mawu olirira limodzi, layer yachiwiri muitsitse level mpaka zii, mutsale ndi yoyamba yokha. Sankhani sine, wave ya mawu osalala opanda zosakaniza. Attack, nthawi yomwe mawu amatenga kuti ayambe kumveka mokwanira, ikhale pansi penipeni. Pitch muitsitse mpaka ifike chapa 50 kapena 60 hertz paja, poti mawu mumawamva pachifuwa kuposa m'khutu. Pa pitch mod, yomwe imakweza ndi kutsitsa mawu, sankhani ija ya rise-fall, ikani amount yapakatikati, kenako gwirani kabatani ka rate muzikapotokola pang'onopang'ono kick ikulira, musafulumire, mumva "pyuu" akufupika kukhala "pyu" kenako "tum" kenako "dum". Pomwe pali bwino mpochepa zedi, kungopitirira pang'ono mwaphonya, nchifukwa chake anthu ambiri sapapeza. Mukapapeza ndi pamene mukhudze release, nthawi yomwe mawu amatenga kuti azilale. Yaifupi ikupatsani kick youma yogunda, yaitali ikupatsani "buuum" wa TR-808, makina a Roland a 1980 aja, omwenso kick yake sinali yojambulidwa, inali sine yozilala pang'onopang'ono ngati yomwe mwapangayi. Pomaliza bwezani layer yachiwiri ija, muikepo noise (phokoso longoti "shhh") waufupi kwambiri, kongoti "t" kumayambiriro, kuti kick izimveka ngakhale pa foni.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, musamaweruze kick pa kasipika ka pamakinapo. Kasipikako nkakang'ono, mawu apansi sikangawatulutse. Ine masiku oyamba ndinapanga kick ndikumvetsera pamenepo, ndimvekere ilibe mphamvu, kuwonjezera level, kuwonjezera drive, kutalikitsa release, tsiku lomwe ndinailumikiza ku masipika akuluakulu kapu yomwe inali patebulo inayamba kunjenjemera n'kumasuntha yokha ndipo china chilichonse mu biti chinamira. Valani mahedifoni abwino nthawi zonse mukamakonza mawu apansi.

Snare njosavuta mukamvetsa kick. Snare yeniyeni ili ndi zinthu ziwiri, chikopa ndi timawaya tapansi tija, ndiye layer imodzi ikhale sine chapa 200 hertz yaifupi, inayo noise wotalikirapo pang'ono. Clap ndi noise yemweyo koma pa envelope, yomwe imalamula momwe mawu amayambira ndi kuzilalira, musankhe ija yomenya kangapo motsatizana, poti anthu akamaomba m'manja saombera limodzi ndendende. Hi-hat, timbale tachitsulo tiwiri totseka ndi kutsegula, ndi noise wa high pass (wa mawu apamwamba okhaokha), wina wamfupi wina wautali, muwaike pa choke kuti wotseka azidula wotsegula. Izi simuchedwa nazo.

Koma chomwe ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali ndi waveguide, mabatani atatu aja a Decay, Body ndi Tune. Kwa ine mtima wa makina amenewa uli pamenepo ndipo zimandiwawa ndikaona anthu akuiyesa reverb (kumveka kwa mawu ngati muli m'chipinda chachikulu) n'kumangoithira paliponse. Iyoyo imatsanzira chinthu chomwe chikunjenjemera chikamenyedwa, muli mitundu iwiri, Tube ngati paipi kapena thupi la ng'oma lobowoka mkati, ndi String ngati chingwe cha gitala. Nzeru yake njakale ndithu, Kevin Karplus ndi Alex Strong anaifalitsa mu 1983, kuti ukatenga kaphokoso kakafupi n'kukazungulitsa mu delay (chobwereza mawu mochedwerapo) yaifupi kwambiri mobwerezabwereza, ulendo uliwonse kakumataya mawu apamwamba pang'ono, chotuluka chimamveka ngati chingwe chokodoledwa. Ndiye yesani izi, pangani kaphokoso kouma kosasangalatsa nkomwe, kongoti "tk", kwezani send yake, yomwe imatumiza mawuwo ku waveguide, sankhani Tube, Decay pakati, muzipotokola Tune. Pena mumva ngati mukugogoda chidebe, pena ngati thabwa, pena ngati wina akumenya paipi yachitsulo kuchipinda china, ndipo pali malo ena ndinawapeza mwangozi pomwe kankalira ngati mtsuko ukaumenya pakamwa ndi chikhatho, ndinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu osakhudza china chilichonse ndikungomvetsera. Dziwani kuti waveguide ndi imodzi yokha ya ma part onse 6, ndiye mukatumizako zonse zimasanduka matope. Kick musaitumizeko, kapena pang'ono chabe. Komanso popeza Tune ili ndi noti yake, muigwirizanitse ndi kiyi ya nyimbo yanu, apo ayi izikangana ndi bass inu osadziwa chomwe chikukusowetsani mtendere.

Mwanenanso kuti biti yanu imamveka yakufa ngati wotchi. Munthu woimba ng'oma samenya kawiri mofanana, makina ndi omwe amatero ukapanda kuwauza zina. Gwiritsani ntchito accent, ma step ena (timagawo ta biti tomwe ng'oma imamenyapo) akhale amphamvu ena ofewa. Pa hi-hat kapena ka percussion kena ikani probability kuti step ina izilira nthawi zina, nthawi zina ayi, koma kick ndi snare muzisiye zokhazikika kuti womvera akhale ndi pogwira. Slice imagawa step imodzi kukhala timagawo tothamanga, njabwino koma kamodzikamodzi. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi active step, chifukwa part iliyonse itha kukhala ndi utali wake. Kick isiyeni pa 16, part ina muidule ikhale 12, ziwirizi zizikumananso pa chiyambi pakatha ma step 48. Mukaidula kukhala 5 zikumana pakatha 80, biti yomweyo koma ikungosinthasintha yokha. Kenako yatsani motion sequence mujambule dzanja lanu likusuntha Tune kapena release pang'ono chabe, osati kuchoka uku kufika uko ayi.

Pali batani la randomize, ena amalinyoza koma ine ndimati ligwiritseni ntchito ngati mphunzitsi. Likakupatsani kulira kodabwitsa musangosunga n'kupita, tsegulani muone lasankha wave yanji, mod yanji, envelope yanji, kenako yesani kukupanganso nokha pa part ina. Ndipo posewera nayo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, mukagwira mabatani atatu limodzi simudziwa lomwe lakonza kapena lawononga. Chojambulira chizikhala choyatsa nthawi yonse chifukwa zabwino zambiri zimabwera dzanja likudutsa ndipo kuzibwerera kumavuta.

Usiku uno pangani kick yokhayo basi, zinazo ziyembekeze. Mukamaliza ijambuleni kudzera pa waya wa mahedifoni osati pa maikolofoni ya foni, muiponye muno pamodzi ndi chithunzi cha manambala a pitch, amount ndi rate, ndimvetsera ndikuuzeni ngati kugwa kuja kukuchedwabe.